Tsiku Lomwe Bolodi la Manong Melecio Linasintha

Amuna a ku La Paz, dera la mumzinda wa Iloilo, amene lero ali ndi imvi, ambiri anametedwapo ndi a Melecio Tabujara. Kachipinda kawo kometera kanali kuseri kwa msika, pakati pa mayi wophika msuzi wotchedwa batchoy ndi mkulu wosula makiyi, moti fungo la msuzi wa nkhumba linkalowerera mpaka m'matawulo. Munali mipando iwiri, galasi lothimbirira m'mbali, ndi kawailesi komwe kankafuna kumenyedwa khofi kuti kayankhule. Onse ankawatcha Manong Melecio, kutanthauza achimwene, ngakhale amene anali akulu kwa iwo. Anali munthu wamfupi, wofatsa, wosakonda zoyankhulayankhula, chinthu chosowa pakati pa ometa. Wofuna miseche ndi ndale ankapita kwa ena. Wofuna kumetedwa bwino akuwodzera ankabwera kwa Manong.

Tchesi anaidziwa ali mnyamata, m'zaka zomwe masewerawa anali atalowa m'magazi a Iloilo yense, pomwe pansi pa mtengo uliwonse pankakhala awiri atawerama pa bolodi, khamu la alangizi osapemphedwa litawazungulira. Palibe anawaphunzitsa. Anangoonerera mpaka anadziwa kuti hatchi imadumpha mokhota, nsanja imalunjika, msilikali sabwerera m'mbuyo, ndipo mfumukazi imapita komwe yafuna. Atatsegula malo awoawo ometera anaika bolodi lamatabwa pa kampando pakhomo, loti azidzisangalatsa nalo makasitomala akasowa.

Pa bolodi limeneli ndi pomwe anapezera mnzawo wa moyo wonse. A Fulgencio Sorongon, omwe aliyense ankangowati Gencio, anali oyendetsa jipini, galimoto yonyamula anthu ngati minibasi, amtali, aphokoso, a mawu ozolowera kupikisana ndi injini. Tsiku loyamba anabwera kudzameta ndevu, koma maso awo atagwera pa bolodi anadzuka pampando tsaya limodzi lili ndi thovu.

"Ili n'lokongoletsera pakhomo, kapena mumalidziwa?"

"Khalani pansi ndikumalizeni kaye," anatero a Melecio.

"Tisewere pompano. Mukandigonjetsa mundimete mpala."

Madzulo a tsikulo a Gencio anayendetsa jipini mutu ukunyezimira ngati dzira. M'mawa mwake anabweranso atavala chipewa, kudzabwezera.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likafika pamutu, apaulendo atachepa, jipini yofiira inkaima kuseri kwa msika. A Gencio ankasewera monga ankayendetsera galimoto: kuthamanga, kulowa pomwe palibe mpata, kutaya hatchi ngati chitsa cha ndudu bola afike kwa mfumu ya mnzawo. A Melecio ankasewera ngati akumeta pakhosi pa munthu.

"Suntha, iwe! Ndevu zanga zamera kachiwiri ukuganizabe."

"Zisiye zimere, ndidya nazo mawa."

Mwana wa a Melecio, Nerissa, atabadwa, a Gencio ndi amene anamuimira pa ubatizo. Anakhala Ninong wake wa mwanayo, ndipo abambo awiriwa anasiya mayina n'kumangotchulana kuti Pare, monga amaitanirana bambo wa mwana ndi womuimira pa ubatizo. Mayi Puring, akazi awo a Melecio, ankawabweretsera chakudya chamasana n'kuwapeza sakutukula mitu. "Amuna anzanu ali ndi zibwenzi zodzola milomo," ankatero mayiwo poika mbale pansi, "inu chibwenzi chanu chimanunkha dizilo."

Zaka zinapita chomwecho, osazimva. Mayi Puring anamwalira Nerissa atangomaliza sukulu n'kuyamba ntchito pa sitolo yogulitsa mankhwala. Kenako ukalamba unabwera kwa abambo awiriwa, aliyense pakhomo lake. A Gencio unawalowera m'makutu: phokoso la injini la moyo wonse linawasiyira mluzu wosatha m'mutu, ndipo munthu ankayenera kukuwa kuti amumve. A Melecio unawalowera m'maso. Matenda a shuga, omwe ankawanyalanyaza, anayamba kuwaphimba ndi chifunga, choyamba m'mbali, kenako pakati.

A Gencio atasiya kuyendetsa galimoto, mwana wawo Rodel, yemwe ankagwira ntchito ku Winnipeg m'dziko la Canada, anawakonzera ulendo woti akakhale naye. Mayi a Rodel anali atamwalira kale, ndipo m'nyumba munalibe wowayang'anira. Anatsanzikana pakhomo pa kachipinda kometera.

"Akuti kumeneko kuzizira kumathothola makutu, Pare!" anakuwa a Melecio.

"Angothothoka! Akugwira ntchito yanji?"

Anaseka, n'kumenyana pamapewa, ndipo aliyense anayang'ana kumbali.

Chaka chomwecho lumo la a Melecio linadya khutu la mphunzitsi wina wopuma pantchito, kasitomala wawo wakalekale. Bala linali laling'ono, mwini khutu anachita kuseka, koma a Melecio anapukuta lumo, kulipinda, ndipo sanalitambasulenso. Kachipinda kaja analowamo wokonza mafoni. Iwo anakakhala kunyumba, pa khonde loyang'ana ngalande, bolodi lamatabwa lili pamwamba pa kabati.

Poyamba awiriwa anayesa kuimbirana foni. Zinali zomvetsa chisoni ndi zoseketsa pamodzi. A Melecio ankakuwa mpaka agalu a oyandikana nawo kuuwa, kwinako kukungomveka, "Ati? Wati chiyani, Pare?" Anayesa foni yoonana nkhope: a Gencio ankamuona mnzawo koma osamumva, a Melecio ankamumva mnzawo koma osamuona. Kulemberana nako kunakanika, poti tizilembo ta pa foni tinali ngati nyerere m'chifunga. Wina wosaona, wina wosamva, nyanja yaikulu pakati. Patapita miyezi ingapo kuimbirana kunachepa, kenako kunatha.

Nerissa ndi amene anapeza njira. Tsiku lina anabwera ndi foni yaikulu ngati mbale, yomwe amati tabuleti, ataikamo pulogalamu ya tchesi yomwe anthu amaseweretsana ali m'mayiko osiyana. Rodel naye anaika yomweyo kwawoko.

"Tatay, tayesani izi."

"Ine za pagalasi ayi, Inday mwana wanga. Tchesi ndi yogwira ndi manja."

"Ingoyang'anani kaye."

Anayang'ana, ndipo anaona. Nerissa anali atakonza kuti bolodi lidzaze galasi lonse, tinyumba take tachikasu chowala ndi takuda bii, zidole zojambulidwa mophweka, zonenepa, zosakongoletsa. M'chifunga chawo chija anatha kusiyanitsa hatchi ndi nsanja. Ukakhudza chidole n'kukhudza kanyumba komwe ukufuna chipite, pansi pankatuluka batani lalikulu lobiriwira lokufunsa ngati watsimikizadi, ndipo chala chikaphonya unkatha kubweza. Koposa zonse munali mawu a mayi wina amene ankatchula chilichonse chochitika pa bolodi: "Hatchi yapita ku f3." A Melecio anamutcha mayiyo Senyora. Ukatsegula pulogalamuyo, pa ngodya ya kumunsi pankakhala batani lalikulu lozungulira lokhala ndi dzina la a Gencio. Kukhudza pamenepo kamodzi, masewera ayamba.

Mwezi usanathe chala chawo chinali chitaloweza njira yonse ngati momwe phazi limalowezera njira ya kuchitsime. Sankafunanso thandizo la munthu. M'mawa uliwonse, atamwa khofi wopanda shuga ndi kudya buledi wa pandesal, Nerissa atapita kuntchito, ankakhala pakhonde n'kukhudza pa ngodya paja. Ku Winnipeg inkakhala nthawi ya madzulo, a Gencio atadya, akudikira.

Ngakhale kunyozana kwawo kunapeza njira. Pansi pa bolodi panali mzere wa tizithunzi toti munthu atumize kwa mnzake, ndipo Senyora ankatchula dzina la kachithunzi kalikonse ndi mawu ake aulemu aja. A Melecio akabweza chidole m'mbuyo, a Gencio ankatumiza kachithunzi, ndipo pankamveka Senyora akuti, "Nkhuku." Iwo akadya nsanja ya a Gencio ankatumiza kachithunzi ka sizasi. Oyandikana nawo anazolowera kumva nkhalamba ikuseka yokha pakhonde, ikukuwira galasi kuti, "Nkhuku ndi iweyo, dalaivala wopanda mabuleki!" Zinayenda chomwecho kwa zaka ngati zitatu, ndipo Nerissa ankati bambo ake anayambanso kumwa mankhwala osakumbutsidwa.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula a Melecio anatsegula tabuleti mwa masiku onse n'kukhudza pa ngodya ya kumunsi. Kunamveka kabelu kachilendo. Bolodi linabwera, koma laling'ono, la mitundu yotuwa ndi yobiriwira mozimiririka, zidole zake zoonda, zokhala ndi mithunzi, moti bishopu ndi msilikali anali amodzi. M'mbali mwake munali kanema wa mnyamata wina akuyankhula mothamanga ngati wogulitsa mankhwala a makoswe. Penapake koloko inkagunda mofulumira.

"Senyora?" anaitana. "Senyora, muli kuti?"

Senyora sanayankhe. Asanapeze n'komwe msilikali woyamba, kabelu kanaliranso, bolodi n'kuzimiririka. Anaganiza kuti chala chaphonya. Anapukuta galasi ndi malaya, kupukuta magalasi a m'maso, n'kukhudzanso pa ngodya pomwe paja. Zinachitikanso chimodzimodzi. Anayesa kambirimbiri mpaka thukuta linawatuluka, kenako tabuleti inangoonetsa zilembo zofiira n'kukana china chilichonse. Anakhala nayo pamwendo tsiku lonse, akuganizira mnzawo yemwe anali atadikira kwinako osadziwa chachitika.

Nerissa atabwera madzulo anamvetsa msanga. Eni pulogalamuyo anali ataisintha yonse, ndipo tabuleti inalandira yokha kusinthako. Pomwe pankakhala dzina la a Gencio tsopano panali batani lokulumikiza ndi mlendo aliyense pa dziko, pa masewera a mphindi imodzi.

"Ndiye zofiirazo zikuti chiyani?"

Nerissa anaziwerenga. "Akuti mwaletsedwa kusewera mpaka mawa, Tatay."

"Ndalakwa chiyani?"

"Akuti mwathawa masewera ambiri."

A Melecio anatukula mutu. "Ine kuthawa masewera? Ngakhale tsiku lija moto unabuka kumsika, ine ndi Ninong wako tinamaliza kaye."

Nerissa analimbana nayo tabuleti ija masiku angapo. Dzina la a Gencio analipeza litabisika m'kati mwa tsamba lomwe linali m'kati mwa tsamba lina, kuseri kwa timizere titatu tochepa kuposa njere ya mpunga. Mitundu yosankha inalipo yambiri, yonse yokongola, koma wachikasu ndi wakuda uja munalibe. Batani lobiriwira lofunsa ngati watsimikiza analichotsa, ati linkachedwetsa masewera. Tsopano chidole unkachikoka ndi chala, ndipo pomwe wachisiya ndi pomwepo. Senyora sanapezeke paliponse. Nerissa analembera eni pulogalamuyo, kufotokoza za maso a bambo ake. Yankho linabwera nthawi yomweyo, lothokoza kwambiri ndi kukhulupirira kuti akusangalala ndi maonekedwe atsopano.

"Munthu waulemu ndithu," anatero a Melecio.

"Si munthu, Tatay. Ndi makina ayankha."

"Nanga anthu ake apita kuti?"

Analemberanso kachiwiri, yankho linali lomwelo. Achinyamata a m'deralo, omwe ankasewera pa mafoni awo podikira jipini, ankayamikira kuti pulogalamuyo yakongola ndipo ikuthamanga. A Melecio ankawamva akudutsa ndipo sankawatsutsa. Kwa maso abwino inali yokongoladi.

Sanagonje msanga. Nerissa ankawatsegulira masewera asanapite kuntchito, iwo n'kumasewera mphuno ili pagalasi, dzanja lina litagwira galasi lokulitsa zinthu. Chomwe kale ankachimva ndi makutu tsopano ankachisakasaka kanyumba ndi kanyumba, kuti adziwe chomwe mnzawo wasuntha. Mutu unkawapweteka dzuwa lisanakwere. Tsiku lina anali atawapanikiza bwino a Gencio, patatsala pang'ono kuti mfumu itsekeredwe. Anakoka mfumukazi, chala chinanjenjemera, ndipo inagwera kanyumba kamodzi isanafike, pakamwa penipeni pa msilikali wa mnzawo. A Gencio anaidya. Madzulo Nerissa anawauza kuti Ninong anatumiza tizithunzi ta nkhope zoseka mzere wonse. Iwo sanationa, ndipo panalibe wowatchulira.

Zoterezi zinachitikanso mawa lake, ndi sabata yotsatira. Nsanja inkagwera pomwe sanafune, bishopu ankayenda m'malo mwa msilikali. Tizithunzi toseka tinasiya kubwera. Kenako a Melecio anayamba kupambana.

Anapambana Lolemba, anapambana Lachiwiri. Lachitatu anaona nsanja ya a Gencio itaima poyera, pomwe msilikali wamba akanaidya, popanda msampha uliwonse kumbuyo kwake. Anaufufuza msamphawo ndi galasi lawo kwa nthawi yaitali, poti munthu amene anasewera naye zaka makumi anayi amamudziwa ngati mkazi wake. A Gencio ankataya zidole, inde, koma nthawi zonse ankazitaya ndi mpeni kumbuyo. Apa panalibe mpeni. Panali chisoni basi.

Nsanjayo sanaidye. Anadikira Nerissa.

"Walembere Ninong wako. Uwauze kuti ndine wakhungu, si mwana."

"Tatay..."

"Lemba momwe ndanenera."

Yankho linabwera m'mawa mwake, ndipo Nerissa analiwerenga mokweza: "Pare, nanenso ndakalamba, ndinangophonya. Usakhale ngati nkhuku yonyowa."

"Wabodza," anatero a Melecio. "Moyo wake wonse sanadziwe kunama, ayambe lero? Uwauze kuti wopemphetsa amakhala pakhomo la tchalitchi, osati pa bolodi."

Izi Nerissa sanalembe, koma bambo ake anatenga tabuleti n'kukaiika pamwamba pa filiji, galasi litayang'ana pansi.

Inakhala pamenepo miyezi yambiri. A Melecio ankadzuka, kumwa khofi, kukhala pakhonde, kumvetsera madzi a m'ngalande ndi majipini akudutsa patali. Anayamba kuiwala mankhwala. Ankadziwa mumtima kuti mnzawo sanalakwe kwenikweni, kuti chomwe chinawalanda masewera si Gencio, koma munthu sungakwiyire galasi, ndiye mkwiyo unagwera pa yemwe ali ndi dzina. Nthawi ndi nthawi Nerissa ankati, "Ninong atumiza kachithunzi ka nkhuku pa foni yanga." Iwo ankangoti, "Mm," n'kutembenuzira nkhope kumsewu.

Nerissa sanaleke kufunsafunsa. Mnzake wina wa kuntchito, yemwe mchimwene wake anabadwa wosaona, anamuuza za pulogalamu ina ya tchesi imene akuti oikonza anakhala pansi ndi osewera osaona n'kuwafunsa chomwe amafuna. Anaiika pa tabuleti, koma bambo ake anakana ngakhale kuigwira.

"Nayonso idzasintha tsiku lina ndili m'tulo. Ndatopa kuphunzira nyumba za eni."

Chomwe chinawatembenuza ndi foni ya Rodel, mwezi wa Febuluwale. A Gencio anali ataterereka pa madzi oundana pakhomo, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anawachita opaleshoni, koma kuyenda kunakanika, ndipo tsopano anali ku nyumba yosamalira okalamba, m'chipinda cha zenera limodzi, pakati pa anthu omwe sankawamva ngakhale akanakhala ndi makutu. Rodel anati bambo ake sakudya bwino, amangoyang'ana kudenga.

A Melecio anamvetsera zonse Nerissa akufotokoza. Kenako anati, "Tsitsa chinthu chija pa filiji. Unditsitsirenso bolodi pa kabati."

Pulogalamu yatsopanoyo inalibe chokongola chilichonse. Tsamba loyera, zilembo zakuda zikuluzikulu, ndi mawu a mwamuna ouma ngati a wolengeza za sitima padoko. Koma unkatha kuiuza ndi pakamwa chidole chomwe ukufuna kusuntha, iyo n'kubwereza mawu ako n'kufunsa, "Ndisunthe?" Unkatha kuifunsa komwe kuli mahatchi a mnzako, n'kukuuza. A Melecio anaika bolodi lamatabwa pambali, n'kumasuntha zidole za mbali zonse ndi manja monga mawuwo anenera, zala zikuyenda pamitu ya zidole zomwe ankazidziwa chilichonse ndi chipsera chake. Kwa a Gencio, omwe maso anali abwino koma manja atafooka, bolodi linali lalikulu, longokhudza ndi chala chimodzi.

Panapita masabata Rodel asanapeze mpata wowakonzera bambo ake, poti ankagwira ntchito ziwiri. Atakonza, anasankha masewera oyenda pang'onopang'ono, omwe aliyense amapatsidwa masiku atatu kuti asunthe kamodzi, chifukwa masiku ena a Gencio sankatha kudzuka. Panalibe kupepesana. M'mawa wina mawu ouma aja anangoti, "Msilikali wapita ku e4," ndipo a Melecio anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi chikhatho.

Masewerawo anatenga pafupifupi mwezi. Masiku ena kusuntha kunkabwera kawiri, masiku ena kunali zii. Sabata yachitatu hatchi ya a Gencio inadumphira pafupi ndi mfumu ya a Melecio, pomwe mfumuyo ikanaidya yokha. A Melecio anakhala m'mawa wonse zala zili pa bolodi, akufufuza ngati n'chisoni chija chabweranso. Anaidya. Mawa lake mfumukazi ya a Gencio inatulukira, kenako bishopu, ndipo mfumu ya a Melecio inapezeka ili pakati pa bolodi, yopanda pobisala.

Nerissa pobwera kuntchito anawamva akuseka ali kumsewu.

"Inday, bwera udzaone chigawenga! Wagona pabedi chiuno chothyoka, koma taona mpeni wake! Andipha Ninong wako. Ndayesa uku, ndayesa uku, palibe kothawira."

"Ndiye mukusekeranji, Tatay?"

"Nanga ndilire? Munthu wandimenya ngati mwamuna mnzake."

Tsiku limenelo anadya mbale ziwiri za mpunga. Anapeza njira yotalikitsira moyo wa mfumu yawo pang'ono, osati kuti apulumuke, koma kuti mnzawo akhetse thukuta. M'mawa mwake anatchula kusunthako, mawu anafunsa, "Ndisunthe?", iwo anavomera, n'kuyamba kudikira nkhonya yomaliza.

Tsiku loyamba sinabwere, ndipo sanadabwe. Lachiwiri anafunsa tabuleti kangapo ngati pali chatsopano. Anauza Nerissa kuti amuimbire Rodel, koma foni inangoitana. M'mawa womwe masiku atatu anakwana, ali okha pakhonde, khofi atazizira m'kapu, tabuleti inaliza kabelu kachisangalalo, ndipo mawu ouma aja anati, "Nthawi ya mnzanu yatha. Mwapambana."

A Melecio sanasunthe. Dzanja lawo linali pa mfumukazi ya a Gencio, ndipo linakhala pomwepo. Wogulitsa nsomba anadutsa akuitanira malonda, anawapatsa moni n'kupitirira. Gencio amene ankamudziwa akanakwawa ndi mimba kuti akamalize masewera otere.

Nerissa anabwera dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe sankabwera. Rodel anali atamuimbira kuntchito: chibayo chinawagwira a Gencio mwadzidzidzi, anawathamangitsira kuchipatala, ndipo anamwalira dzulo lake. Anaima pa geti maso ali ofiira, akusowa poyambira.

"Lowa, Inday. Ndadziwa kale."

"Wakuuzani ndani, Tatay?"

"Akuti ndapambana."

Nerissa anagwada n'kuika mutu pa mawondo awo, ndipo analira ndi iyeyo. Bambo ake ankangomusisita tsitsi. Patapita nthawi anati, "Tayang'ana m'menemo ngati muli poti munthu n'kugonja. Masewera aja anali ake. Aliyense wodziwa tchesi akaona bolodi ili anena."

Nerissa anafufuza tsamba lililonse. Masewera akatha, atha. Panalibe batani losintha zotsatira.

"Ndiye alemba bodza," anatero a Melecio, "ndipo likhala pomwepo."

Thupi la a Gencio analiwotcha komweko, ndipo Rodel anabweretsa phulusa kumayambiriro kwa Novembala, pa tsiku lomwe mabanja onse amapita kumanda. Kumandako kunali kodzaza ngati kumsika: makandulo, maluwa, anthu atayala mphasa pa manda a abale awo akudya, ana akuthamangitsana. Nerissa anawagwira dzanja bambo ake kuwadutsitsa m'tinjira topanikiza mpaka pa manda a mayi a Rodel, pomwe anali atatsegula kamalo koikamo kabokosi ka phulusa. Rodel anawapsompsona dzanja n'kuwapatsa kabokosiko kuti akagwire.

A Melecio anakayeza m'manja. Kenako anakuwa ndi mawu onse, monga anazolowera poyankhula ndi mnzawo, "Pare! Wapepuka bwanji chonchi? Amakudyetsa chiyani kumeneko?"

Anthu a pa manda oyandikana anatembenuka. Ena anaseka, kenako anaona nkhope ya mkuluyo n'kusiya.

Pobwerera Rodel anayenda nawo pang'onopang'ono. Anawauza kuti m'masabata omaliza bambo ake anayambanso kudya, ndipo ankaonetsa tabuleti kwa aliyense wolowa m'chipinda, ngakhale osadziwa tchesi, akuti, "Wometa uyu ndamugwira pakhosi." Anawauzanso kuti za masewera akale aja, a Gencio anavomera kwa iye kuti ankagonja dala, ndipo ankadzitukwana nazo.

"Ankafuna kukupepesani, Manong, koma ankati mukamva kupepesa mukwiya kachiwiri."

"Ankandidziwa," anatero a Melecio.

A Melecio akadali moyo. Maso anatheratu chaka chathachi, koma amakhalabe pakhonde lomwe lija, ndipo m'mawa amasewera ndi alendo a m'mayiko omwe sadziwa kuwatchula, masewera oyenda pang'onopang'ono okhaokha. Nerissa anatseka zoti tabuleti izilandira yokha zosintha, ndipo kabelu kachisangalalo anakazimitsa. Mlendo akachedwa kusuntha, nthawi yake n'kutsala pang'ono kutha, a Melecio amauza pulogalamuyo kuti imupemphe masewera athe mofanana, ngakhale iwo ali pafupi kupambana. Ambiri sayankha. Nerissa anawauzapo kuti ena mwa anthuwo amangokhala atatopa nawo masewera, kapena ataiwala, ndipo ali bwinobwino kwawo.

"Mwina," anayankha. "Iwe wawaona?"